Kayadi ka magalimoto ka madala aja pa Kasungu boma, mmene ndinakaonera ine

Anthu ambiri mwakhala mukundifunsa kuti Probox yanga ndinaigula kuti komanso ikuyenda bwanji, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Ndinaigula konkuno ku Kasungu, pa kayadi kakang'ono kali m'mbali mwa M1, kwa madala ena omwe akhala akugulitsa magalimoto kuyambira ife tili ku pulayimale. Dzina sinditchula koma a pa boma pano mukuwadziwa, ndi aja amakhala pa mpando pansi pa mtengo ndi kawayilesi kawo.

Malowo si owoneka bwino ayi, mpanda wa waya, kaofesi ka malata, magalimoto ochepa basi, tsiku lomwe ndinapita panali ma Sienta awiri, Vitz, Passo, ka Nissan Note ndi Probox yomwe ndinatengayi. Koma ine ndikangolowa pamenepaja ndimakumbuka nthawi ya fodya kalekale, alimi a ku Chamama, Santhe mpaka Nkhamenya akagulitsa mabelo awo kaya ku Kanengo kaya ku Chinkhoma ankafikira pomwepa ndi ndalama zokulunga m'jumbo kudzafuna pikapu. Bambo anga anagula pompo ka Nissan 1400 komwe kanatinyamulira feteleza, chimanga, odwala, maliro a m'mudzi monse kwa zaka zambiri, ndipo ndalama ina anamalizitsa sizoni yotsatira popanda kusainirana kalikonse, kungogwirana chanza basi. Masiku ano zimenezo kulibe, madalawo amalembetsa pepala, koma mtima wawo ndinaupeza ndi womwe uja.

Chomwe chinandigwira mtima ndi ichi, ndisanafunse n'komwe anayamba okha kundiuza zovuta za galimotoyo. Akuti mwana wanga, mashoka akumbuyo atopa, AC sikuzizira, ndipo nambala ya mileji ukuionayi usaikhulupirire kwambiri chifukwa galimotoyi yadutsa m'manja mwa anthu awiri isanafike kwa ine, iwe mvera injini. Ndani amalankhula choncho masiku ano? Madobadoba a pa Facebook amakuuza kuti galimoto ndi mpya, ya mayi wa ku ofesi, chonsecho inali takisi. Ndinabwera ndi makaniki wanga, sanakwiye, anatipatsa makiyi n'kutiuza kuti musangoyesera pa tala pokha, lowani nayo msewu wafumbi mumve mmene ikulirira pansi. Tinaiyendetsa cha ku njira ya Mtunthama n'kupatukira m'fumbi, makaniki analowa pansi pake, anaona oyilo, giyabokosi, utsi, zomwe anapeza ndi zomwe madala ananena kale, anangowonjezerapo za mabuleki akutsogolo ndipo pa izo anatichotserako mtengo pang'ono.

Pa mapepala ndi pomwe anthu ambiri amalirira, nde apa ndiwayamikire kwambiri. Blue book inali yoyera, dzina logwirizana, nambala ya chassis ndi ya injini tinaziwerenga limodzi, COF, kapepala kosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, inali isanathe. Kusintha umwini anaonetsetsa kuti mwini wake wakale apezeke tipitire limodzi ku Road Traffic, osati zija amakupatsa blue book ya dzina la munthu yemwe sumudziwa kenako foni yake osapezekanso. Ndalama ndinalipira kudzera ku banki, sanafune za kashi m'thumba.

Zosakoma ziliponso, ndisakunamizeni. Mtengo wawo ndi wokwererako ukayerekeza ndi kuitanitsa wekha ku Japan pa Be Forward, ndipo sanenerera kwambiri, akati ndi apa ndi pomwepo. Kusankha n'kochepa, ngati mukufuna ya IT, ija yongotsika kumene kuchokera kunja, kapena mtundu winawake mudzadikira. Pa WhatsApp sayankha msanga, zithunzi amatumiza mdzukulu wawo, nde bola kungopita. Waranti yolemba palibe.

Koma za kuitanitsazo tiyeni tikambe zoona. Uyenera upeze madola omwe ku banki akuvuta, udikire sitima ifike ku Dar es Salaam, ulipire woyendetsa mpaka pa Songwe, kenako dyute ya MRA yomwe imayendera mmene kwacha ilili tsiku limenelo. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023, patangopita chaka ndi theka itagwanso ndi 25% mu May 2022, alipo anzathu omwe galimoto inali m'njira n'kupeza kuti ndalama yomwe anasunga ya dyute sikukwananso. Kwa munthu ngati ine wodalira ndalama ya soya ndi mtedza yobwera kamodzi pa chaka, kugula chinthu chomwe ndachigwira ndi manja n'kuchiyendetsa kunali kwa mtendere.

Waranti yolemba palibe inde, koma sitata itayamba kuvuta patapita kanthawi ndinawaimbira, sanandizembe, anatumiza mnyamata wawo kudzaiona, sipeya inachokera ku Biwi ku Lilongwe ndipo mtengo wake tinagawana pakati. Sanali okakamizika kutero. Kungoti munthu amene mumakumana naye ku tchalitchi, kumsika ndi pa maliro, yemwe ana ake anaphunzira limodzi ndi inu, amadziwa kuti akakugulitsani chibokosi mawa lomwe nkhani ili ponseponse pa boma.

Probox ikuyenda bwinobwino mpaka pano, mashoka ndinasintha, AC ndinangoisiya kaye, mafuta imamwa mwaulemu ngakhale itanyamula matumba. Amene mukufuna galimoto yogwirira ntchito ya takisi kapena ya kumunda pitani mukaone, tengani makaniki wanu, pitani m'mawa dzuwa lisanakwere kuti mukamve injini ikulira isanatenthe. Lamulungu satsegula.