Galasi, pulasitiki kapena makapu otsuka: zakumwa za kumashowo a kunyanja

Amayi a m'gulu lathu la banki m'khonde akhala akundifunsa kuti akamakagulitsa kumashowo a ku Senga Bay kapena ku Mangochi azitenga zakumwa za m'chiyani. Ndiyankhe kamodzi pano kuti foni ipume.

Za m'zitini sindichedwa nazo. Pooda n'zodula, koma chitini sichigona pansi, anyamata otola zitsulo zakale amachitenga.

Botolo lagalasi ndimalilemekeza chifukwa lili ndi kwawo: limabwerera m'kireti, kireti n'kubwerera kudepoti. Koma kumchenga anthu amavina opanda nsapato, choncho eni malo ambiri salifuna. Komanso bambo akakhuta mowa amapita nalo kumadzi osabwera nalo, ndipo botolo lililonse losowa m'kireti umalipira ndiwe.

Pulasitiki ndiye ndili naye mangawa. Chaka chatha ndinabwereka malo ogulitsira pa showo ina kunyanja. Kuwonjezera pa lendi, anatiuza kuti tisiye chikole choti adzatibwezera tikamachoka. Ine ndinatenga zakumwa za m'mabotolo apulasitiki, madzi, ndi tchipisi chokulunga m'majumbo, poganiza kuti zimenezi n'zopepuka, sizisweka, ndipo palibe amene ndidzamuthamangire kuti abweze botolo. Malonda anayenda, sindinama. Koma kutacha Lamlungu, mamayo ine! Mphepo ya usiku inali itakankhira zonse kumpanda wa kuseri kwa tebulo langa, majumbo amafuta ena atakodwa m'mabango, ena akuyandama m'madzi. Woyang'anira malo anangoloza ndi chala, n'kundiwerengera kamzere ka m'munsi mwa pepala lomwe ndinasaina osawerenga, kakuti ndalama yosesera idzachotsedwa pachikole. Anandibwezera theka. Ndinayesa kunena kuti zinyalala zina n'za a kanyenya oyandikana nane, koma jumbo ilibe dzina.

Anthu amati pulasitiki amatoledwa. Inde, botolo lathunthu lokhala ndi chitsekero chake amayi a thobwa ndi ogulitsa mafuta ophikira amalikanganirana. Lopondedwa ndi ovina, zitsekero zotayika ndi majumbo palibe amazifuna. Ndipo majumbo opyapyala aja, osakwana ma micron 60 (muyezo wa kuchindikala kwa pulasitiki), boma linawaletsa mu 2015, khothi la Supreme n'kugwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Ine ndinkawagula ndikudziwa, ndiye pamenepo sindingadandaulire munthu.

Panopa ndimanyamula ndowa ziwiri zovindikira, ina ya thobwa ina ya juwisi wa malambe, ndi makapu olimba omwe ndinawalemba chizindikiro ndi utoto wa m'zikhadabo. Wogula amasiya kachikole pa kapu, akabweza ndimamubwezera. Ena amanyinyirika kuti "mayi, simukutikhulupirira?" koma makapu amabwera. Ana amatolanso otayidwa kudzatenga kandalamako.

Ntchito yake ndi yotsuka. Madzi a m'nyanja musayerekeze. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 mpaka 2023 momwe anavutira m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Ndimapita ndi zigubu za madzi a pampopi, sopo ndi klorini, ndipo mwana wa mchemwali wanga ntchito yake ndi beseni basi. Ameneyo ndimamulipira, ndipo muwerengeretu ndalama yake musanaike mtengo wa kapu ya thobwa.

Zoziziritsa kukhosi zikafunidwa kwambiri, ndimatenga makireti awiri agalasi ngati eni malo alola, n'kumathirira m'kapu. Botolo silichoka patebulo langa.