Musanakweze basi wodwala khansa ya m'mapapo kubwera ku Lusaka

Abale anga a ku Mchinji, Lilongwe ndi Kasungu, mafoni ofunsa za chipatala cha khansa kuno achuluka, ndiye ndati ndilembe zomwe taona ndi mlamu wanga. Ine ndimasoka zovala ku Kamwala, ndimakhala ku Mtendere. Mlamu wangayu ndi mayi wa ana atatu, fodya sanasutepo chibadwire. Anayamba ndi chifuwa chosatha, kuwonda ndi kubanika. Makhololo sankaonetsa TB, komabe anamwa mankhwala a TB miyezi 6 yonse popanda kusintha. Atajambulidwa sikani ya CT ndi kudulidwa kachidutswa ka mnofu m'mapapo, m'pamene zinadziwika kuti ndi khansa ya mtundu wosowa wotchedwa ALK. Mwa odwala khansa ya m'mapapo 100, pafupifupi 5 okha ndiwo amakhala ndi mtundu umenewu, ndipo umakonda kugwira anthu osasuta omwe sanakalambe.

Chipatala cha Cancer Diseases Hospital chilipodi, chili pafupi ndi chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH), ndipo chimalandira odwala ochokera m'maiko oyandikana nawo. Kumene tinapsa ife ndi panjira yofikira kumeneko. Achimwene anga anamva za dobadoba wina pagulu la WhatsApp ndipo anamutumizira K6,000 ya ku Zambia ine ndisanadziwe. Iye anati ndalamayo ndi ya zonse: kuwachingamira, pogona, ndi kuonana ndi dokotala tsiku lomwelo. Achimwene ndi mlamu atangotsika basi, dobadobayo anafunanso K1,500 akuti ya fayilo, kenaka K800 akuti yoti asaime pamzere. Risiti olo imodzi. Pogona pake kanali kachipinda kopanda zenera komwe anthu ena amaphikiramo pa mbaula, munthu wobanika kale n'kumugoneka mu utsi wa makala! Titapita tokha kuchipatala, chomwe anatifunsa ndi kalata yochokera kwa dokotala wa kumudzi ndi zotsatira zoyeza. Ndalama tinalipira pawindo, risiti n'kutipatsa. Dobadobayo foni yake sinalowenso.

Dziwaninso kuti inshulansi ya NHIMA ndi ya anthu olembetsa omwe amasonkha kuno. Mlendo amalipira za m'thumba mwake. Ndipo ndalama yanu imayamba kuchepa isanafike: osintha ndalama pa boda ya Mwami amadyapo, kutumiza pafoni amadulapo, kutapa amadulanso.

Pa mankhwala m'pamene mtima umandiwawa mpaka lero. Khansa ya ALK ili ndi mapiritsi akeake, monga crizotinib ndi alectinib, omwa kawiri pa tsiku. Ndi okwera mtengo ndipo sapezeka m'sitolo iliyonse ya mankhwala. Munthu wina wovala bwino, wolankhula mokoma, analonjeza kutibweretsera botolo la mwezi umodzi kuchokera ku India pa K9,000. Titalipira, anati katundu wagwidwa pabwalo la ndege, pakufunika K3,200. Tinapereka. Sabata yotsatira anati chilolezo chikufuna K2,000. Tinaperekanso, poti mlamu anali akupumira m'mwamba ndipo tinalibe mtima wokana. Botolo linabwera lotsegulidwa kale, lopanda nambala ya fakitale ngakhale tsiku lothera mphamvu. Adokotala atangoliona anati asamwe. K14,200 inapita choncho, ndalama ya ng'ombe yomwe achimwene anagulitsa.

Amene anatithandiza moona ndi mayi ena achikulire a pa kasitolo ka mankhwala. Anakana kulandira ngakhale ngwee tisanawaonetse kalata ya dokotala yolemba mankhwalawo. Anatifotokozera kuti mankhwala otere amalowa m'dziko ndi chilolezo cha ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala kuno ku Zambia, ndipo pepala lake anationetsa. Mtengo wonse anaulemba, tsiku lofikira anatiuza, mankhwala anafikadi osindikizidwa bwino. Anatibwezeranso K350 chifukwa dola inali itatsika pang'ono pa tsiku lomwe analipira. Ndiwonso anatichenjeza kuti tiziitanitsa botolo lina loyamba lisanafike pakati, wodwala asadumphitse masiku.

Tsono mverani, inu amene mukuganiza kuti Lusaka ndi kubwera, kulandira jakisoni n'kubwerera wochira. Chotsani maganizo amenewo. Mapiritsi awa amaigonetsa khansa, ndipo mlamu wanga lero akuyenda, akudya, akuseka ndi ana pafoni. Koma saichotsa. Amamwedwa tsiku ndi tsiku nthawi yonse imene akugwira ntchito, ndipo pakapita nthawi khansa itha kuwazolowera, n'kufunika kusintha ena okwera mtengo koposa. Musagulitse dimba chifukwa cha botolo limodzi n'kumati nkhondo yatha. Khalani pansi pabanja, muwerengere chaka chonse: mankhwala, sikani, kuyeza magazi, lendi, chakudya cha wodwala ndi gadiyani, thiransipoti. Ngati palibe gadiyani wokhala naye usana ndi usiku, musamutumize. Ife a kuno timalawira kuntchito, sitingakwanitse tokha.

Zapakhomo nazo n'zambiri. Makina opanga mpweya wothandiza wodwala kupuma amafuna magetsi, ndipo amene analipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa kuti magetsi ankatha kuzima pafupifupi tsiku lonse. Khalani ndi silinda ya okosijeni yodzadza pambali. Mbaula ikhale panja. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limamutsokomoletsa mlamu, ndiye posesa timayamba tawaza madzi. Amagona chotsamira mapilo. Akayamba kubanika koposa masiku onse, kapena mwendo umodzi ukatupa, timathamangira kuchipatala osadikira kuti kuche, chifukwa atha kukhala madzi m'chifuwa ofunika kupopa kapena magazi oundana. Morphine musamuope, si chizindikiro choti munthu akutsanzika. Amachepetsa ululu ndi kubanika, wodwala n'kugona tulo.

Mabotolo a zitsamba omwe mukutumiza ndi madalaivala, chonde lekani. Ngakhale rifampicin, wa m'mankhwala a TB uja, amachepetsa mphamvu ya crizotinib m'magazi, nanga kuli bwanji zosakaniza zomwe palibe akudziwa muli chiyani? Chilichonse chomwe wodwala akumwa adokotala achidziwe. Ndipo inu amene munkamupatulira kapu ndi mbale yake, khansa sipatsirana. Zinamupweteka kuposa singano. Muimbireni foni, mumuuze za ana ndi za kumunda, osati kungofunsa ngati wachira.

Mlendo wamba amaloledwa masiku 90 pa chaka kuno, choncho yang'anani chidindo cha mu pasipoti ndipo mukaonjezetse masiku asanathe. Ponyamuka tengani kalata ya dokotala, CD ya sikani, zotsatira zonse, komanso mupemphe ku labu kachidutswa ka mnofu kaja kosungidwa mu phula, kuti wodwala asakadulidwenso kachiwiri. Munthu aliyense wofuna ndalama inu musanafike pawindo la chipatala, musamupatse.