Miyezi 10 mu banki m'khonde ya aphunzitsi: kodi ingatisunge pa sitalaka?

Nditalowa banki m'khonde ya aphunzitsi, ndinalonjeza kuti ndidzafotokoza ndikaona mmene gulu lathuli likuyendera. Tilipo aphunzitsi 14 a pasukulu imodzi, ndipo timagula masheya malipiro akangolowa. Chimene chinandilowetsa si bizinesi ayi, koma lamulo la zantchito limene linasinthidwa mu 2021, lopatsa bwana mphamvu yodula malipiro a munthu amene wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pachaka.

Amene tinali m'sitalaka ya aphunzitsi chaka chomwecho, yofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19, tikudziwa kuti sitalaka imafera m'khitchini. Ufa ukatha, landilodi akagogoda kawiri, anthu amayamba kubwerera m'kalasi mmodzimmodzi, mwamanyazi, atsogoleri akadali pazokambirana.

Ndiye kodi bankiyi yathandiza? Pa katapila, kwambiri. Chiyambireni sindinapiteko kwa wakatapila, ndipo chiwongoladzanja chimene ndimapereka chimabwerera kwa ife tomwe pogawana. Mwana atadwala usiku, thumba la zadzidzidzi linanditulutsira ndalama m'mawa mwake popanda fomu.

Koma pali chofooka chimene sindinachione poyamba, ndipo chimandidetsa nkhawa. Tonse timalipidwa ndi bwana mmodzi, boma. Malipiro atachedwa mwezi wina, tonse tinafuna ngongole tsiku limodzi, wobweza panalibe, bokosi linauma. Pa sitalaka zingakhale chimodzimodzi. Ndikawerengera zimene zimatsala m'bokosi, zingatisunge sabata ziwiri basi.

Sabata ziwiri zimakwana ngati ululu wafika kwa akuluakulu. Mu February 2013 ogwira ntchito m'boma anafuna malipiro akwere ndi 67 peresenti kwacha itagwa. Bwalo la ndege la Kamuzu litatsekedwa, boma la mayi Joyce Banda linavomera 61 peresenti kwa olandira zochepa, nkhani inatha pasanathe mwezi. Koma ogwira ntchito m'makhothi mu 2012 anakhala miyezi yoposa iwiri, pakuti ovutika anali anthu a pa rimandi, amene mawu awo samveka kunja kwa mpanda. Ife aphunzitsi tili pafupi ndi a m'makhothiwo: ana a m'sukulu zaboma ndi a anthu wamba, ndipo boma limatekeseka mayeso a MANEB akayandikira.

Sindituluka m'gululi. Pamsonkhano wapitawu ndinapempha kuti tilowetsemo amayi a pamsika ndi mmisiri wa matabwa wapafupi, anthu amene ndalama zawo sizidikira boma, ndiponso kuti pakhale thumba losabwereketsa. Anzanga avomera la thumbalo. La anthu akunja akadakana, akuti sawadziwa bwino.