Kutsuka, Kupenta Kapena Kusintha Fani ya Injini Pamene Mukusintha Alternator

Anzanga amene amakonza okha galimoto zawo akhala akundifunsa funso limodzi mobwerezabwereza: alternator (makina opanga magetsi ndi kutchaja batire) ikafa, ndipo fani yatsitsidwa kuti papezeke mpata wogwirira ntchito, kodi ndi bwino kungoitsuka, kuipaka penti kuti ioneke yatsopano, kapena kugula ina? Funsoli ndi lomveka ndithu, pakuti pa galimoto zambiri zomwe injini yake inagona chamulitali, fani imakhala patsogolo pa pampu ya madzi, ndipo manja safika bwino pa lamba ndi pa mabawuti a alternator mpaka mutachotsa faniyo pamodzi ndi chotchinga chake. Munthu akaigwira m'manja, naona kuda kwake pafupi ndi alternator yonyezimira, mtima umafuna kuchitapo kanthu. Ndinene poyambirira kuti ine ndili kumbali ya kutsuka, ndipo penti ndimamukayikira kwambiri.

Yankho limadalira mtundu wa fani yomwe muli nayo. Pali fani yachitsulo ya galimoto zakale, yomwe mapiko ake anakhomeredwa ndi mariveti. Pali fani ya pulasitiki yomangidwa pa clutch yakeyake (osati yosinthira magiya), yokhala ndi mafuta a silicone mkati. Ndipo pali fani yamagetsi, yomwe ili ndi mota yakeyake kuseri kwa rediyeta. Ma alternator akale amakhalanso ndi kafani kawo kachitsulo kuseri kwa pulley, kagudumu komwe lamba amadutsapo, ndipo zomwe ndinene zikukhudza nakonso.

Ubwino waukulu wa kutsuka suli pa kuyera ayi. Uli pa zomwe litsiro limakuuzani musanalichotse, ndi zomwe fani imaonetsa mukalichotsa. Fumbi louma ndi lachizolowezi, silidetsa nkhawa. Koma mukapeza mapiko atanyowa ndi oyilo wakuda, dziwani kuti penapake kutsogolo kwa injini pakudontha, mwina pa seal ya crankshaft kapena pa pampu ya chiwongolero, ndipo oyilo yemweyo ayenera kuti amalowanso mu alternator. Oyilo akalowa mkatimo amafewetsa maburashi ndi kumata fumbi pa mawaya, kotero kuti mukaika alternator yatsopano osatseka podonthapo, nayonso sikhalitsa. Mukaona zoyera kapena zobiriwira zitauma pansi pa pulley ya pampu ya madzi, pampuyo yayamba kutaya madzi pa kabowo kake. Mukaona mizere ya mafuta ikuchokera pakati pa clutch kulowera kunja, clutch yayamba kutha mphamvu. Zonsezi zimafafanizika munthu akangothamangira kupopera penti.

Kutsukako sikulira zambiri. Madzi ofunda, sopo wochotsa mafuta ndi burashi yofewa n'zokwanira, koma muyenera kutsuka phiko lililonse mbali zonse ziwiri, chifukwa kusiya matope pa phiko limodzi n'koipa kuposa kusatsuka konse. Pa fani ya pulasitiki pewani thina ndi mankhwala ena amphamvu. Pa fani yamagetsi musalozetse madzi pa mota, ndipo mukaona tizitsulo ting'onoting'ono topanidwa m'mphepete mwa mapiko, musatichotse poyesa kuti ndi zinyalala, pakuti tinaikidwa ku fakitale kuti kulemera kwa fani kukhale kofanana mbali zonse. Fani yamagetsi imatha kuyamba kuzungulira injini ili chizimire, choncho waya wa negative pa batire uyenera kukhala wochotsa, monga momwe ntchito ya alternator imafunira kale. Clutch ya silicone muiimike monga imakhalira m'galimoto, osaigoneka, kuti mafuta ake asatsikire mu bearing.

Tsopano za penti. Chimene chinandidanitsa naye ndi zomwe zinachitikira galimoto yanga pa galaja ina komwe ndinakasinthitsa alternator. Pokatenga galimoto ndinapeza kuti pa ndalama zolipira awonjezerapo ntchito yomwe sitinagwirizane, yomwe anaitcha kukonza fani, ndipo nditatsegula boneti ndinaona kuti kukonzako kunali kuipopera penti wakuda wokhuthala, wonyezimira, pamwamba pa dzimbiri ndi litsiro lomwe. Sipanapite nthawi yaitali, phiko limodzi linathyoka galimoto ikukwera chitunda, linang'amba rediyeta, ndipo madzi onse anathera pamsewu. Nditatola phikolo ndinaona kuti mbali yaikulu ya pothyokapo inali yadzimbiri, ndipo kachigawo kakang'ono kokha ndiko kanali koyera. Zimenezo zikutanthauza kuti mng'aluwo unalipo kalekale pafupi ndi riveti, ndipo munthu aliyense amene akanatsuka faniyo ndi kuiyang'ana pa kuwala akanauona. Ndinalipira kuti chilema chibisike, kenaka ndinalipiranso rediyeta. Zimenezi zimandiwawabe mpaka lero, makamaka ndikaganiza kuti phiko lotere likanatha kuvulaza munthu amene waweramira pa injini ikulira.

Ili ndilo vuto loyamba la penti, ndipo kwa ine ndilo lalikulu: amadzaza ming'alu yopyapyala ngati tsitsi, yomwe ndi chenjezo lofunika limene fani imapereka. Chitsulo cha fani chimatopa chifukwa chopindikapindika pang'onopang'ono nthawi iliyonse pamene chikukankha mphepo, ndipo kutopako kumayambira pa mariveti ndi pa tsinde la phiko. Fani ya pulasitiki nayo imauma ndi kutentha kwa zaka zambiri, niyamba kung'aluka mozungulira pakati pake. Mitundu yonse iwiriyi imaonetsa chilema chake ikakhala yoyera, ndipo imachibisa ikapentedwa.

Vuto lachiwiri ndi kulemera. Anthu ambiri amaona ngati penti salemera kanthu, koma mphamvu yomwe imakokera chinthu chozungulira kunja imakula mofulumira kuposa liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Penti akayenderera n'kuunjikana kunsonga ya phiko limodzi, kapena akayamba kusupuka pa mapiko ena n'kutsala pa ena, fani imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumathera pa bearing ya pampu ya madzi, yomwe ndiyo imanyamula faniyo. Sindikunena kuti penti wopyapyala wopakidwa mofanana angaphe pampu, koma penti wa burashi kapena wopoperedwa mothamanga sakhala wofanana. Pa kafani ka alternator nkhaniyi ndi yaikulu koposa, chifukwa alternator imazungulira mwaliwiro lowirikiza kawiri kapena katatu kuposa injini.

Palinso malo omwe penti sayenera kufikako m'pang'ono pomwe, ndipo opopera mwachisawawa sawasamala. Pamene fani imakhudzana ndi pulley kapena clutch payenera kukhala chitsulo chokhachokha, chifukwa penti wotsala pakatipo amafinyika pakapita nthawi, mabawuti n'kukhwepa, ndipo fani imayamba kuzungulira mopendekeka. Kutsogolo kwa clutch kuli kachitsulo kopiringizika kapena kopyapyala komwe kamamva kutentha kwa mphepo yochokera ku rediyeta n'kutsegula njira ya mafuta mkati, kuti fani igwire mwamphamvu injini ikatentha. Mukakakuta ndi penti, kamachedwa kumva kutenthako kapena kamamatirira, ndipo mudzaona muvi wa kutentha ukukwera pamene galimoto ikuyenda pang'onopang'ono pa mdipiti. Mapazi a alternator nawo, pomwe imamangidwira ku injini, asapentedwe, popeza magetsi amabwerera kudzera m'thupi lake lomwelo.

Pa fani ya pulasitiki sindiona chifukwa chilichonse chopakira penti. Siichita dzimbiri, mitundu ina ya pulasitiki imakana kugwira penti, ndipo zotsatira zake ndi zidutswa zosupuka zomwe zimamwazika m'chipinda cha injini. Akuti penti wakuda amathandiza kuziziritsa, koma ntchito ya fani ndi kukoka mphepo kudutsa m'rediyeta, ndipo mtundu wake sukhudza ntchito imeneyo. Pa nthawi, kutsuka kumatha pamene mukudikira kumanga alternator, pomwe penti amafuna kuuma bwino musanabwezere fani. Pa maonekedwe, penti amapambana, ndipo izi sindingakane.

Kuti ndisapondereze mbali imodzi, pali pomwe penti ali ndi malo ake. Fani yachitsulo ya galimoto yakale, yomwe ina yofanana nayo ndi yovuta kupeza, imafunika kutetezedwa ku dzimbiri, chifukwa dzimbiri limakumba timaenje momwe ming'alu imayambira. Koma dongosolo lake ndi lakuti muyambe mwatsuka, kenaka mupale dzimbiri ndi penti wakale mpaka chitsulo chioneke, muyang'anitsitse riveti iliyonse ndi tsinde la phiko lililonse pa kuwala kokwanira, ndipo mukakhutira kuti palibe mng'alu kapena riveti yogwedera, mutseke ndi tepi pakati pomwe pamakhala mabawuti. Pamenepo mupopere penti woyambira, kenaka penti wa injini wopirira kutentha ndi mafuta, mopyapyala, kawiri kapena katatu, mukutembenuza fani kuti phiko lililonse lilandire mofanana. Wochita motere sindilimbana naye, pakuti penti wake wabwera pambuyo pa kufufuza. Amene ndimamukana ndi penti wolowa m'malo mwa kufufuzako, ndipo ameneyu ndiye wofala.

Kugula fani ina kumakhala kofunika pokhapokha kutsuka kwaulula chilema, koma chilemacho chikapezeka, palibenso zokambirana. Phiko long'aluka siliwotchereredwa, ndipo lopindika siliwongoledwa ndi pulayala kapena hamala, chifukwa chitsulo chopindidwa kawiri chimafooka, ndipo phikolo silibwerera pa ngodya yake yeniyeni. Clutch yomwe ikutaya mafuta, yomwe ikugwedera mukaikankha kutsogolo ndi kumbuyo, kapena yomwe imazungulira momasuka kwambiri mukaikankha ndi dzanja injini itazimitsidwa ili yotentha, nayonso isinthidwe. Pogula onetsetsani kuti mapiko akupendekera mbali yofanana ndi ya fani yakale, popeza injini zina zimazunguza fani mbali yosiyana malinga ndi momwe lamba amadutsira, ndipo fani yolakwika imakankha mphepo m'malo moikoka. Fani yakale yogulitsidwa itapentedwa kumene ndimaipewa, chifukwa sindingathe kuona chomwe chili pansi pa pentiyo.

Choncho mnzanga akandifunsa, ndimamuuza kuti atsuke nthawi zonse, apente fani yachitsulo yokha ndipo atatha kuipala ndi kuifufuza, ndiponso agule ina akangoona mng'alu ngakhale umodzi. Akapereka galimoto ku galaja, anene poyera kuti safuna penti pa fani, ndipo apemphe kuiona ili yotsuka isanabwezeredwe. Pomanga akumbukire kuti nati yaikulu ya clutch pa injini zina, monga za BMW zambiri zakale, ili ndi mazinga akumanzere, kotero imamangidwa mbali yomwe nati wamba imamasukira. Akamaliza azunguze fani ndi dzanja kuti aone ngati sikukhudza chotchinga, mapaipi a madzi kapena waya wa alternator, kenaka alize injini ataima pambali, osati molunjika ndi mapiko, ndi kupima magetsi pa batire, omwe ayenera kukhala pakati pa mavoti 13.5 ndi 14.5 ngati alternator yatsopanoyo ikugwira bwino ntchito.