Dzina la telala: pa Facebook kapena pakamwa pa makasitomala?

Telala amene wangoyamba kumene ali ndi njira ziwiri zoti adziwike. Yoyamba ndi kutsegula tsamba pa Facebook n'kumaikanso zithunzi za zovala pa WhatsApp. Yachiwiri ndi kusoka bwino, kusunga tsiku limene walonjeza, n'kusiya makasitomala kuti auzane okha.

Mtengo: pa intaneti pamafunika foni yojambula bwino ndi bandulo yosatha. Mbiri ya pakamwa sifuna ndalama, imafuna kudekha.

Changu: chithunzi cha diresi ya ukwati chojambulidwa ku Limbe chingaonedwe ku Mzuzu tsiku lomwelo. Mbiri ya pakamwa imayenda pang'onopang'ono, kuchokera kutchalitchi kukafika ku banki m'khonde.

Kukhalitsa: tsamba mukasiya kuikapo zatsopano, limaiwalika. Mayi amene munawasokera bwino amadzabweranso ndi ana awo.

Koma kwa ine chachikulu ndi zimene maganizo a anthu amakuphunzitsani. Pa Facebook ambiri amangolemba kuti "zokongola", ndipo mawu amenewo sangakuuzeni kuti khosi la bulauzi likuthina. Amene wavala chovalacho tsiku lonse ndiye amadziwa pamene msoko wamasuka. Vuto n'lakuti ambiri timachita manyazi kudzudzula munthu pamaso, timangosiya kubwera. Choncho funsani nokha: "Amayi, palibe pamene pakuthina?" Yankho limenelo ndi limene limakonza dzanja lanu.

Intaneti ikuyenera telala wa m'tauni amene luso lake lakhwima ndipo angakwanitse maoda ambiri pa nthawi yake. Amene akunolabe luso, kapena amasokera pa msika wa kwawo, ayambe ndi pakamwa.