Nyumba ya Alendo ku Sheringham, Kugombe la Norfolk

Munthu amene akufuna kukacheza kugombe la kumpoto kwa Norfolk, chigawo cha kum'mawa kwa dziko la England, ayenera kuganizira za mayendedwe asanakopeke ndi zithunzi za nyumba zokongola za pa intaneti, chifukwa midzi ya kumeneko ndi yotalikirana ndipo sitima sifika paliponse. Ine, popeza ndilibe galimoto, ndinasankha nyumba yaing'ono ya alendo ku Sheringham, imene eni ake amapereka chipinda ndi chakudya cham'mawa, ndipo nditagonako masiku anayi ndinakhutira nayo.

Chimene chinandikomera koposa ndi pamene nyumbayo ili. Sitima yochokera ku Norwich imadzera ku Cromer n'kudzathera ku Sheringham, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, ndipo kuchokera pasiteshoni ndinayenda pansi ndi chikwama changa popanda kufuna takisi. Pafupi pomwepo pamaima basi ya Coasthopper, imene imatsata msewu wa A149 kudutsa Cley, Blakeney ndi Morston mpaka ku Wells-next-the-Sea, choncho ndinkachoka m'mawa n'kubwerera madzulo. Ndikanachita lendi nyumba ya pafamu kutali ndi msewuwu, ngakhale ikanakhala yabata, ndikanavutika ngakhale kukagula buledi.

Mayi amene amayang'anira nyumbayo amalidziwa bwino dera lawo. Iwo ndi amene anandichenjeza kuti maboti a ku Morston, opita ku Blakeney Point kukaona akatumbu a m'nyanja, amanyamuka potsatira nthawi imene madzi adzaza m'khwawa, motero nthawiyo imasintha tsiku ndi tsiku ndipo ndi bwino kusungitsa malo pasadakhale. Langizo limeneli linandipulumutsira tsiku lathunthu. Anandiuzanso kumene ndingakadye nkhanu za ku Cromer, zimene anthu a m'derali amazinyadira kwambiri.

Chipinda chinali chaukhondo ndi chofunda, ndipo chakudya cham'mawa, cha mazira, soseji, buledi ndi tiyi, chinkandisunga mpaka masana. Komabe zofooka zilipo. Chipindacho ndi chopanikizika, masitepe ndi otsetsereka kwambiri monga zimakhalira m'nyumba zakale, moti wokalamba kapena wodwala miyendo ayenera kupempha chipinda chapansi. Alendo alibenso khitchini yophikiramo, ndipo kudya m'malesitilanti madzulo alionse kumatha ndalama msanga. Banja la ana angapo, limene lili ndi galimoto ndipo likufuna kudziphikira lokha, lingachite bwino kuchita lendi nyumba yonse cha ku Wells, kufupi ndi mchenga wa ku Holkham.

Ine ndinapitako mu Seputembala, sukulu zitatsegulidwa, ndipo malo ndinawapeza mosavuta. Amene akufuna kupitako mu Ogasiti, pamene ana ali patchuthi ndipo mitengo imakwera, asungitse chipinda miyezi ingapo nthawiyo isanafike.