Kukonza kapena kugula ina: graphics card ikayamba kuwononga zithunzi

Sikirini ikayamba kuonetsa mizere yobiriwira ndi timabokosi tothwanima ngakhale mu BIOS (pulogalamu yoyamba kuoneka kompyuta ikangoyatsidwa), pamene ma driver (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta) sanayambe kugwira ntchito, ndipo kusintha chingwe cha HDMI sikunathandize, nthawi zambiri ndiye kuti graphics card (chipangizo chotulutsa zithunzi pa sikirini) ikufa. Anzathu ambiri kuno ku Harare amathamangira kwa amisiri kuti aitenthe ndi mpweya wotentha, poganiza kuti zolumikizira zake zibwerera m'malo. Njirayi ndi yotsika mtengo, koma kawirikawiri vuto limabwereranso pakapita milungu kapena miyezi yochepa.

Kugula ina kumapweteka m'thumba, makamaka pamene mitengo ili m'madola a ku America, komabe kwa munthu amene amadyera pa kompyuta ndikulangiza zimenezi. Musanagule, pukutani fumbi la mu fani ndi kusintha thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa chip), chifukwa kutentha kokha kumathanso kubweretsa mizere yomweyo.